Chizungu cha Kuseri kwa Telala

Ndinamuuza Mwatitha. Ndinamuuza nditamupana m'miyendo, ndikumuluka tsitsi, kuti asathawe mawu anga. Ndinati, "Iwe, mwamuna wophunzitsa atsikana okhaokha, osafuna kanthu, usamuyandikire. Ameneyo sakukuphunzitsani. Akukunenepetsani."

Anaseka mpaka chipeso chinagwa. "Agogo, inuyo mumaopa chilichonse. Dzana lomweli munkaopa wailesi ya eni ake."

Sananame. Ine ndimaopa. Ndimaopa mitsinje, agalu osauwa, galimoto yoima popanda woibaya, ndi anthu omwetulira asanakudziwe. Koma chachikulu ndinkaopa chimodzi, kuti mwana ameneyu adzandipulumuka m'manja, ine n'kutsala ndekha padziko. Mwatitha anali mdzukulu wanga, mwana wa mwana wanga womaliza. Amayi ake atamwalira ndinalibenso wina. Dzinalo ndinamutcha ndine, pobwera kumanda.

Tinachoka kwathu chaka chimene mtsinje unasintha njira. Unadya munda, unadya nthochi, kenaka unayamba kudya manda. M'mawa wina ndinapeza pamene tinaika mwana wanga pakuyenda madzi ofiira, bata, ngati panalibe kanthu chiyambire. Ndinabereka Mwatitha, ndinasenza mtolo, ndinauyamba. Dzina la mudziwo musandifunse. Pano ndi mchenga.

Amayi anga anandiphunzitsa kuti ukafika malo achilendo, usanadye kanthu, utape kadothi pamene phazi lako laponda, usungunule m'madzi, umwe, umwetsenso mwana. Ukatero dziko limakudziwa. M'mimba simuvuta, mwana salira popanda chifukwa. Ndiye titafika ku esiteti ya fodya, ndisanapemphe ngakhale pogona, ndinapempha madzi. Mwatitha anamwa onse, ananyambitanso kapu, dothi lili ndoo pamphuno.

Kumeneko ndinaphunzira kusoka fodya. Umakhala pansi m'chigafa, miyendo tambalale, singano yaitali m'manja, masamba akununkha mpaka mutu kuzungulira. Zala zimada ndi utomoni, ukagwira chakudya chimawawa. Kenaka ndinaphunzira kusankha: lofiira uku, lotuwa uku, long'ambika uko. Kapitawo ankayenda kumbuyo kwathu. Akaona tsamba lalitali, losalala, ankalinyamula ndi manja awiri, kulisisita, kuliyamikira ngati mkwatibwi. Ndinazindikira kuti tsamba losisitidwalo ndi limene linkayamba kulowa m'belo. Ankalipondereza, kulisokerera m'chiguduli, lole n'kulitenga. Zong'ambika zinkatsala nafe.

Mvula zinadutsa, kaya zingati. Mwatitha anatsika kumsana, anayamba kuyenda, anayamba sukulu ya pansi pa mtengo. Ndinkamuperekeza mpaka pamene ndinkamva mawu a aphunzitsi, ndikumuuza za panjira: usadutse pamphambano pali mazira, usalandire switi kwa munthu wa njinga, wina akakuitana dzina m'tchire usayankhe koyamba. Iye ankangoti, "Eee agogo, eee agogo," akuthamangitsa ziwala.

Tsiku lina kapitawo anatiuza kuti esiteti yagulitsidwa. Anatikweza lole yomwe ija ya mabelo, anakatitsitsa pamphambano pamene panali chigayo cholira ndi mtengo wa bulugama. Pambuyo pake ndinaona kuti kulikonse kumene munthu angatsikire pamakhala chigayo chomwecho ndi bulugama yemweyo, ndi mayi wogulitsa nthochi wosakuyang'ana. Kaya zimatitsata, kaya ndife timazungulira.

Tinafika m'tauni ya miyala. Ndinatapa dothi, ndinasungunula. Mwatitha anayang'ana m'kapu n'kukwinya nkhope.

"Agogo, aphunzitsi anati m'dothi muli njoka za m'mimba."

"Aphunzitsi akowo anakubereka kumsana? Imwa."

Anamwa, atatsina mphuno.

Kumeneko ndinaphunzira kuswa miyala m'mbali mwa msewu. Mwala waukulu umayamba wauwotcha ndi matayala kuti ufewe mtima, kenaka umaufunafuna msempha. Ukaupeza, ngakhale nkhalamba imaugawa pakati. Zidutswazo umaziika mkati mwa mkombero wa labala kuti zisathawe, n'kumagogoda mpaka dzuwa kupendeka. Mayi wina amene tinkakhala moyandikana ankandiuza kuti ndizitsinzina pomenya. Ine sindinkatsinzina, chifukwa maso anga ankakhala kumsewu kumene Mwatitha ankadzera pochokera kusukulu. Kachidutswa kanalowa m'diso lamanzere. Linayera ngati la nsomba yophika, ndipo linatha pomwepo.

Ndi diso limodzi lotsalalo ndinaona Mwatitha akukula. Ndinamuona akubwera atavala chigoba cha nkhono m'khosi, chimene ankaveka mwana wogwidwa akulankhula Chichewa pasukulu. Analira mpaka kukana kudya. Chaka chotsatira ndi iye amene ankaveka anzake. Chizungu chinamukonda mwana uja, iyenso anachikonda. Ankachilankhula kwa nkhuku, kwa ndowa, kwa ine.

Msewu utatha kumangidwa, miyala inasowa woigula. Tinauyambanso. Chigayo, bulugama, mayi wa nthochi. Tinafika m'tauni ya malole, kufupi ndi malire, kumene anthu onse amaoneka ngati akudikira kuchoka. Ndinatapa dothi, ndinasungunula, ndinamwa, ndinamupatsa kapu. Anali namwali tsopano, wamtali kundiposa. Analandira ndi manja awiri, mwaulemu, n'kudikira kuti ndicheukire mbali ya diso lakufa. Nditatembenuka kapu inali yopanda kanthu, koma pafupi ndi phazi lake panali ponyowa. Kapu ndinaitsuka, ndinaibweza.

Tinapeza chipinda m'nyumba za mdadada za a Nachisale, mayi wonenepa wa magalasi, amene kale ankalera ana a azungu. Ine ndinaphunzira kusankha nyemba za ogulitsa mumsika: kuchotsa timiyala, zofumbwa, zamakwinya. Ntchito ya zala, yosafuna maso awiri. Mwatitha sukulu anamaliza, koma ntchito sinapezeke. Ankakhala pakhonde, kuyang'ana malole.

Ndiye kunabwera a Gwedeza. Anabwereka kachipinda kuseri kwa telala, anaikamo mabenchi, n'kulengeza kuti akuphunzitsa atsikana Chizungu cha ntchito za kunja, kutsidya la nyanja zazikulu, kumene nyumba zimasanjikizana. Ulere. Nthawi imeneyo inali ya fumbi, koma nsapato zawo zinalibe fumbi. Ndi pamene ndinamupana Mwatitha m'miyendo muja n'kumuuza. M'mawa mwake anapita.

Ndinasamutsa lichero langa. Ndinakakhala pansi pa zenera la kachipindako, kumasankha nyemba ndikumvetsera.

"Kamu hiya!" Awo ndi a Gwedeza.

"Kamu hiya!" atsikana onse pamodzi.

"Go deya!"

"Go deya!" Koma mawu amodzi anatsalira m'mbuyo, akuti, "Go tu deya."

Tebulo linalira, phaa! "Ndani waika tu? Alineti, ndiwenso? Ka tu kameneko ndinati mukasiye konkuno pamodzi ndi zitenje zanu. Hiya alibe tu. Deya alibe tu. Apusiteyazi alibe tu. Homu alibe tu. Mawu amenewa amayenda okha, safuna wowaperekeza. Madamu kumeneko akakumva ukuti tu apusiteyazi, adziwiratu kuti wachokera kotentha makala."

Atsikana anaseka. Alineti anati, "Pepani aphunzitsi, kamangotuluka kokha."

"Kakatuluka uzikameza. Mwatitha, auze anzako."

Ndinamva mawu a mdzukulu wanga, osalala, osapunthwa pena paliponse. A Gwedeza anawomba m'manja. "Mwamva? Uyu ndiye wapsa. Uyu apita ulendo woyamba."

Nyemba zinanditayika m'manja.

Madzulo ake, tikudya, ndinamufunsa kuti mawu aja amatanthauza chiyani. Anandiuza mokondwa, akuloza ndi chala. Bwera kuno. Pita uko. Kwera pamwamba. Tsika pansi. Lowa m'kati. Tuluka panja.

"Onsewo ndi otuma," ndinatero. "Nanga kuti ndatopa amati chiyani?"

"Pamenepo sitinafike."

"Nanga kuti sindifuna?"

"Agogo, munthu sapita kuntchito kukanena kuti sindifuna."

"Nanga homu uja?"

"Ndiye kuti kwathu."

"Kwathu kuti?"

Anaika mbale pansi. "Ndi zimene ndikunenazo. Kwathu kuti? Ku fodya? Ku miyala? Mwandiyendetsa moyo wanga wonse ngati mbuzi yogulitsa, lero ndikafuna kuyenda ndekha mukuti ndikhale. Ndikhale pati? Ndidzasankhe nyemba mpaka nanenso ndidzafe diso?"

Ndinapita kwa a Nachisale. Anandikhazika pampando wofewa, anandipatsa tiyi wa mkaka. Ndinawauza zonse, za mtsinje, za manda, zoti ndilibe wina. Ndinalira pamaso pawo, ine wosalira pamaso pa anthu. Anandigwira bondo. "Anzanga, musadandaule. Ana a masiku ano amamva kwa munthu wapadera. Musiyireni ine, ndimulangiza."

A Gwedeza nawo anandipeza pamsika. Ananjuta pafupi ndi lichero, atakweza buluku kuti lisade.

"Agogo, muli ndi mdzukulu wa mutu. Kubwera mayi wochokera ku mzinda waukulu, amene amatenga atsikanawa. Iyeyo satenga mwana popanda kholo kuvomera pamaso pake, ndi pakamwa pake. Mungobwera, munene kuti eee, basi."

"Pakamwa panga mulibe eee."

"Muganizire bwino, agogo."

"Ndinaganiza kale inu musanagule nsapatozo."

Anamwetulira, anatola nyemba imodzi yabwino m'lichero, anaiyang'ana, n'kuiika m'thumba la malaya.

Masiku otsatira Mwatitha anasintha. Anasiya kupita kuseri kwa telala. Ankanditenthetsera madzi, ankanditsuka mapazi ndi mwala, ankandiphikira therere lothira matimati monga ndimakondera. Ndinati a Nachisale agwira ntchito. Ndinawapititsira nyemba zosankha bwino, zodzaza mbale, kuthokoza.

Kenaka Mwatitha anati, "Agogo, kwabwera madokotala a maso ku mishoni ya kuseri kwa phiri. Akuti ngakhale diso loyera akumalitsegula. Koma mawa ndi tsiku lomaliza. Mulawire."

Ine woopa zipatala, ndinapita. Ndinkafuna ndimuone mwana uja ndi maso awiri, kamodzi kokha, momwe wakuliramu. Anandiperekeza mpaka pa bulugama, anandimangira mbatata yootcha pakansalu.

Njira inali yaitali, yokwera. Nditafika ku mishoni ndinapeza mbuzi zitagona pakhonde la chipatala. Mlonda anali kusoka nsapato yake.

"Madokotala a maso? Mayi, kuno ngakhale wa mano sanabwereko chaka chino. Wakuuzani ndani?"

Ndinatembenuka pomwepo. Miyendo inadziwa mutu usanadziwe. Ndinatsika phiri lija ndikugwa, ndikudzuka, mbatata ndinaitaya kaya pati.

Dzuwa litapendeka ndinafika. Kutsogolo kwa telala kunaima minibasi yoyera. Atsikana anali atavala mabulauzi ofanana, aliyense ndi kholo lake. Mayi wa ku mzinda waukulu, wa tsitsi logula, ankayenda pamzere kufunsa mmodzimmodzi. Ndipo pampando, pamthunzi, panakhala nkhalamba yovala chitenje changa. Chitenje cha maluwa obiriwira, chimene ndinkasunga pansi pa mtolo kuti adzandifunditse tsiku langa. Duku langanso. Magalasi anali atavula. Anali a Nachisale.

Mwatitha anali atagwada patsogolo pawo.

"Awa ndi agogo ako?" anafunsa mayi wa tsitsi logula.

"Eee, ndi agogo anga. Anandilera ndi iwowa."

"Agogo, mukuvomera kuti mwanayu apite?"

"Ndavomera ndi mtima wonse," anatero a Nachisale, akunjenjemeretsa mawu ngati okalamba zenizeni. "Pita bwino, mdzukulu wanga. Ukamvere."

Ndinakuwa. "Mwatitha!"

Onse anacheuka. Ndinali ndi fumbi mpaka m'nsidze, bondo likutuluka magazi, mpango utatsalira m'phiri.

"Nanga awa ndani?" anafunsa mayi uja.

Mwatitha anandiyang'ana. Sanazembetse maso, ayi. Anandiyang'ana m'diso lamoyo lomweli, n'kunena kuti, "Ndi amayi ena osankha nyemba pamsikapa. Mutu wawo suyenda bwino. Amaitana aliyense."

Anyamata a telala anandigwira mikono, mwaulemu ndithu, akuti, "Tiyeni mayi, tiyeni mukapume." A Gwedeza anatsegula chitseko cha minibasi. Mwatitha anakhala mbali ya kutali ndi ine. Sanatsanzike. Mwana amene ndinamutafunira chakudya.

Chipinda chija sindinagonemonso. Chitenje a Nachisale anatuma mwana kudzandibwezera, chitapindidwa bwino. Ndinachisiya pamsewu pomwepo, malole achiponde.

Ndinayenda. Zaka zimenezo sindizikumbuka mwadongosolo. Ndikukumbuka tauni ya njanji yopanda sitima, kumene ndinkatsuka mabotolo. Ndikukumbuka mudzi wa osoka mphasa, kumene bango linandicheka zala. Kulikonse ndinkamwa dothi ndekha, kapu n'kuitsuka, n'kuibweza. Pomaliza ndinafika pa depoti yaikulu, kumene mabasi onse a m'dziko amathera, ndipo ndinapempha tsache. Kusesa pa depoti n'kosavuta: umayamba kumene kwachoka basi, kumalizira kumene ikubwera ina. Ndinkayang'ana mapazi a otsika. Mapazi a Mwatitha ndikanawadziwa pakati pa anthu chikwi.

Kumeneko anandipeza amayi ake a Alineti, mtsikana wa ka tu uja. Iwonso ankayendayenda, ataonda. Anandiuza kuti kuseri kwa telala tsopano kuli ometa, a Gwedeza palibe akudziwa kumene analowera, ndipo a Nachisale anafolera nyumba zawo ndi malata atsopano. Kenaka anatulutsa foni. "Alineti ali m'nyumba yoyandikana ndi ya mdzukulu wanu. Amapatsirana foni pachingwe choyanikira zovala cha pakhonde la pamwamba. Dikirani, aimba."

Tinakhala pansi pa chikwangwani mpaka inalira. Anandiika pakhutu.

"Agogo." Mawu ang'ono, onong'ona. "Agogo, ndine. Ndili pamwamba. Chifikireni sindinapondeko pansi. Zenera silitseguka. Chitupa changa choyendera anatenga. Agogo, mukundimva?"

Ndinkamumva. Ndinali ndi mawu ambiri oti ndimuuze, ena ofewa. Koma chimene chinatuluka ndi ichi: "Ukufuna agogo ati? A chitenje aja, kapena amisala osankha nyemba?"

Kenaka ndinamva mawu a mzimayi akukuwa chapatali, m'Chizungu chomwe chija cha kuseri kwa telala, ndipo foni inaduka. Amayi a Alineti anandiyang'ana ngati ndaponda mwana. Andiyang'ane. Iwo mwana wawo anawatsanzika.

Sanaimbenso. Mvula inabwera, inapita, inabweranso. Alineti anamwalira komweko, akuti anagwa kuchokera pamwamba, ndipo amayi ake anasiya kubwera pa depoti. Ine ndinapitiriza kusesa.

Mapazi aja ndinawaona m'mawa wina wa chisanu. Anatsika m'basi pamodzi ndi atsikana ena, motsogozedwa ndi amayi a mpingo amene anawathandiza kubwerera. Anali m'patapata wamkulu, wa mwamuna. Ndinakweza diso. Tsitsi linali litathothoka m'mbali, manja atasupuka ngati owotchedwa ndi madzi otentha. M'dzanja munali jumbo yokha. Anaima pamene anamutsitsapo, osayang'ana kumanja kapena kumanzere.

Ndinaika tsache pansi. Ndinati, "Iwe."

Anaweramitsa mutu, manja n'kuika kumbuyo.

Amayi a mpingo anafunsa ngati ndikumudziwa. Ndinati ndi mdzukulu wanga, ndipo panalibe wina wodzatsutsa.

Anatipezera kanyumba m'mudzi wina wa m'mphepete mwa dambo, kumene tili mpaka lero. Titafika ndinasungunula dothi. Anamwa lonse osakwinya nkhope, monga amachitira chilichonse chimene wapatsidwa. Salankhula. Za tsiku la minibasi sanatchulepo, inenso sindinamukhululukire, chifukwa munthu umamukhululukira akakhalapo. Amadya chiimire, kuseri kwa chitseko, msangamsanga. Akayamba kusesa pabwalo sasiya mpaka ndimulande tsache, moti pakhomo pathu pakumbika ngati mbale. Chitseko chathu chilibe loko, koma satuluka ndisanamukoke dzanja.

Ana a m'mudzi muno amakonda kusewera sukulu pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi mjigo. Pali kamtsikana kena, Dofa, ka mamina, kosafika ngakhale m'chiuno mwanga, kamene nthawi zonse kamakhala mphunzitsi. Tsiku lina tikuchokera kotunga madzi, kanakweza kamtengo kake n'kukuwira anzake, "Kamu hiya!"

Ndowa inagwa kuchoka pamutu pa Mwatitha. Anathamanga, iye wosathamanga, n'kukaima patsogolo pa kamwanako, mutu pansi, manja kumbuyo.

Ana anadabwa, kenaka anaseka. Tsopano anadziwa. Akationa tikudutsa amachitira dala. "Go deya!" Iye amapita. "Kamu hiya!" Iye amabwera. Amamuyendetsa pakati pa mjigo ndi mtengo mpaka atatopa ndi kuseka. Ndawauza makolo awo, awakwapula, koma ana ndi ana. Ndikawathamangitsa ndi ndodo, mwendo wanga sufika.

Ndimamugwira pamkono, ndimati, "Tiye kunyumba, Mwatitha. Ndi ana awa. Tiye." Sasuntha. Amalimba ngati chitsa, maso ali pa mapazi a Dofa, kudikira kuti amene wamuitana amumasule. Mawu anga sawamva.

Ndiye ine, ndi imvi zangazi, ndimagwada pafumbi patsogolo pa kamwana ka eni ake, n'kunena kuti, "Dofa, mayi wanga, muuze azipita."

Masiku ena kamavomera msanga. Masiku ena kamati ndiyambe ndakathyolera mango.